Kabotolo Kanga ka Sanitaiza

Wodi yonse inkanong'onezana kuti matenda otsegula m'mimba amene anabuka akubwera ndi amayi okolopa. Akuti mopu yomwe amakolopera kuchimbudzi ndi yomweyo amalowetsa pansi pa mabedi. Anayambitsa nkhaniyo ndi ine. Sindinaone ndi maso ayi, ndinangoti "mwina", koma pofika masana "mwina" uja anali atatsala m'njira.

Ine ndinali m'chipatalamo kudikirira azakhali anga a pabedi 5, amene anawachita opaleshoni ya mwendo n'kumawamwetsa maantibayotiki. Kudikirira wodwala n'kotopetsa, inu! Ndiye ndinkayendayenda. Agogo a pa 3 ndinkawakonzera pilo. Amayi a pa 7 ndinkawatsegulira botolo la madzi. A pa 9 ndinkawagwira dzanja uku ndikuwauza zimene a pa 7 anena za apongozi awo. Ndipo ndinkadziona waukhondo zedi, ndi kabotolo kanga ka sanitaiza wonunkhira mandimu. Ndikataya za m'beseni la azakhali, kadontho m'manja, tikitiki, basi. Kusinki kunkakhala mzere, madzi akenso ozizira.

Lachinayi amayi okolopa aja anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Anatuluka maso ali psuu, komabe anaima n'kundifunsa, "Mwanawe, azakhali adzuka bwanji?"

M'mawa mwake asisitala aakulu anasonkhanitsa odikirira tonse pakhonde. Anati kulabu koyezera matenda akapeza kachilombo kake. Munthu akamwa maantibayotiki masiku ambiri, tizilombo tabwino ta m'matumbo timafa, ndiye iko kamachuluka n'kumatulutsa poizoni wotupitsa matumbo. Kakatuluka ndi chimbudzi kamadzitsekera m'kachigoba kolimba ngati njere, ndipo kamatha miyezi kali pachitsulo cha bedi.

"Sanitaiza sakapha kameneka," anatero. "Sopo ndi madzi basi, kuti kachoke m'manjamo."

Bambo wina anafunsa, "Nanga kanayambira pati?"

"Pabedi 5. Kenako 3, 7 ndi 9. Chikutizunguza mutu n'chakuti mabedi enawo kakuwalumpha."

Mopu imalowa pansi pa bedi lililonse. Mabedi atatu okhawo ndi amene ndinkachezapo ine. Kabotolo kaja kanandilemera m'thumba ngati mwala.

Nditabwerera, azakhali anandiyang'ana. "Iwe Wailesi, mabatire atha? Wangoti zii bwanji lero?"

"Mutu, azakhali."

Pano agogo a pa 3 ali padiripu, milomo ili gwa. Amayi okolopa akadali kunyumba, ndipo ndamva kuti Lolemba ndi pamene akawauze ngati ntchito yatha. Ndasamba m'manja ndi sopo mpaka zala zatuwa. Kabotolo ndataya m'bini. Chitseko cha asisitala ndachidutsa katatu, pakamwa panga pomwe pamatha kufikitsa nkhani wodi yonse pakukanika kutseguka.

Inuyo mukanakhala ine, mutagogoda pachitsekopo, mukanayamba ndi chiti: za manja angawa, kapena za mopu ija?