Maliro a Munthu Wamoyo

Amuna anga a Vitus ndi munthu woti ukamuyang'anitsa kwambiri amayamba kupepesa asanamve n'komwe chomwe walakwa. Ndiye tangoganizani, a boma kusiya anthu onse olimba chiwindi a kwa Mlonyeni kuno n'kukatola iwowo kuti akakhale pa juli. Juli linali gulu la anthu wamba lomwe linkakhala pambali pa jaji pa milandu yakupha, matipate atalowa, n'kumanena ngati munthu ndi wolakwa kapena ayi. Akuti anawasankha chifukwa amamva Chingerezi. Chingerezi chake cha Fomu 2 chomwecho.

Mlandu wake unali wa mnyamata wina, Enoki, wa cha ku Kachebere. Ng'ombe za mnzake woyandikana naye zinamupondera nazale ya fodya. Anakangana, anagwirana, Enoki n'kumumenya ndi mpini kamodzi kokha, munthu uja n'kukafera kuchipatala. Jaji anawauza kuti nkhani yagona pamodzi: kodi anafuna kupha, kapena zinangochitika mkwiyo utakwera? Akapezeka kuti anafuna, chilango chinali chimodzi basi, chingwe.

Atawatsekera m'chipinda kuti akambirane, a Vitus mtima unkawauza kuti mnyamatayo sanafune. Koma munali bwana wina wa mu ofesi pa Boma, wa tayi, wolankhula ngati wailesi. Iye anati asadzivute, chilowereni matipate palibe amene wanyongedwa, zachingwezo ndi mawu chabe, amangokawasunga ku Zomba. Anthu anapumira m'mwamba, mikono n'kuyamba kukwera. A Vitus poona kuti atsala okha, nawonso anakweza. Koma mawu chabewo jaji atawatchula m'khoti, mayi ake a Enoki anagwa pansi ngati thumba la chimanga.

Anabwera kunyumba ali munthu wina. Kudya kwake kongotomola, kumunda kungoima ndi khasu m'manja. Ine ndinkawakalipira, sindibisa. Ndinkawafunsa ngati mpiniwo anagwira ndi iwo, ndipo ngati akufuna kufera mwana wa eni ake anene, ndiyambiretu kufulula chimera. Koma chisoni chinkandidya, chifukwa ndimawadziwa.

Patapita miyezi, mayi wina wogulitsa tomato pa Kamwendo anandiuza nkhani yodabwitsa. Kwawo kwa Enoki anamva jaji akuti anyongedwa, anaona galimoto ikumutenga, ndipo chichokereni palibe anamvapo kanthu. Ndiye anangoti basi, zatha. Analira maliro opanda mtembo, ndipo Loweruka lomwelo kunali kumeta. Akameta mkazi wake Luwiza, amusudzula azipita kwawo, nyumba ya Enoki aigwetsa, dzina lake lizitchulidwa ndi malemu kutsogolo.

Pakamwa panga sipasunga kanthu, ndinakawauza a Vitus. M'mawa mwake anakwera minibasi kupita pa Boma kwa mlamu wawo wina wogwira ntchito zandende. Anabwerako ndi mawu akuti Enoki ali moyo ku Zomba, akudya, akuyenda. Kenako anati Loweruka apita okha akawauze eni ake.

Ndinati mwapenga. Munthu woti munakweza nawo mkono, mukaonekere pa bwalo lawo, lumo lili poyera? Iwo anangoti anamuphapo kamodzi ndi mantha, sangalole amuikenso m'manda iwo akudziwa zoona. Ndinatukwana, ndinalira, kenako ndinamanga chitenje n'kukwera pakaliyala ya njinga. Akakawatema, ndinati, bola ndikhalepo wowanyamula.

Tinafika dzuwa litakwera. Anthu anali atadzaza pabwalo, amayi a mvano akuimba motsitsa. Luwiza anali pamphasa, mpango atavula, kamwana kali pamiyendo. Anali mtsikana ndithu, woti ukanakumana naye panjira ukanamufunsa kalasi yomwe ali. Pambali pake panali beseni la madzi ndi mayi wachikulire atagwira lumo. Alongo ake awiri a Luwiza anali atamangirira kale katundu wake panjinga.

A Vitus anavula chipewa, anagwada pakati pa bwalo, n'kunena dzina lawo ndi zomwe anachita kukhoti kuja. Nyimbo inaduka. Amalume ake a Enoki anadzuka maso ali psuu, ine n'kuyamba kuyang'ana kothawira. Koma a Vitus anapitiriza.

"Ndabwera kudzanena kuti musamete. Mwana wanu ali moyo, ali ku Zomba. Sananyongedwe."

Mayi ake a Enoki anakwawa mpaka pomwe panali a Vitus n'kuwagwira malaya, kuwalumbiritsa kuti sakunama. Atalumbira, mayiwo analulutira kwinaku akulira, anthu n'kusokonekera, ena kuseka, ena kugwa pansi. Amalume aja anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja. Mayi wa lumo uja analikulunga m'kansalu. Ine misozi inali mbwembwembwe, ndipo tsiku limenelo ndinawanyadira amuna anga kuposa tsiku la ukwati wathu.

Ndi Luwiza yekha amene sanasunthe. Phokoso litachepa, anafunsa mwaulemu, maso ali pansi.

"Bambo, ndiye abwera liti?"

Zimenezo bwana wa tayi uja sananene m'chipinda muja, ndipo palibe anafunsa.

"Sindidziwa, mayi. Amati kumeneko munthu amakhala mpaka kufa," anatero a Vitus.

"Ndiye sabwera, komanso sanafe," anatero Luwiza. "Nanga ine ndikhala ndani pamudzi pano?"

Mkazi wa munthu wamoyo sasudzulidwa, aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezo. Sakanapita kwawo, sakanakwatiwanso, ndipo nazale, ngolo ndi apongozi okalamba zonse zinali kumudikira iyeyo. Alongo ake anayang'anizana, wamkulu n'kupita panjinga kukayamba kumasula zingwe za katundu.

Luwiza anatola mpango wake n'kuumanganso kumutu. Anabereka mwana, ananyamula beseni lija n'kukataya madzi kuseri kwa nkhokwe. Pobwerera anaima pamaso pa a Vitus, anagwada pang'ono monga achitira mwana woleredwa bwino, n'kuwathokoza chifukwa chodzawauza. Kenako analandira mtolo wake kwa mlongo wake uja n'kulowa nawo m'nyumba ya Enoki.