Foni ya M'sutikesi

Mukanafuna kuyambana ndi Sylvia Mbewe, munkangofunika kunyoza pulogalamu ya pa kompyuta ya mu ofesi yake. Ofesiyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa masitolo a ku Katete, m'mene iye ankakonzeramo magazini ya kafukufuku wa zaulimi. Kale mapepala a ofufuza ankayenda pa minibasi m'maenvulopu, n'kubwerako atadontha mafuta a vitumbuwa, ena osabwerako n'komwe. Pulogalamuyo inathetsa zonsezi, ndipo Sylvia ankaitama ngati kuti anaibereka yekha.

Ntchito inkayenda chonchi. Wofufuza akatumiza zimene walemba, Sylvia ankasankha akatswiri awiri oti aunike. Wounika akatsegula fayilo kuti alembemo ndemanga, pulogalamu inkaikhoma loko, wina aliyense osaikhudza kufikira mwiniwakeyo atamaliza. Onse awiri akavomereza, yokha inkatulutsa kalata yokhala ndi nambala yotsimikizira kuti ntchitoyo yalandiridwa. Kalata yolemba munthu ndi dzanja inalibenso ntchito.

Kalata ya nambala ija ndi imene ankaiyembekezera Davide Mwale, mlangizi wa zaulimi wa ku Sinda. Mnyamatayu anathera nyengo zingapo za zokolola akusuzumira m'nkhokwe za anthu, kufufuza chuku chimene chimawononga nsawa. Yunivesite ina inali itamusungira malo a maphunziro apamwamba, koma inanenetsa kuti nambala ija ifike lisanathe Lachisanu. Ikapanda kufika, malowo apatsa wina.

Wounika woyamba anavomereza msanga. Wachiwiri anali a Lawrence Sakala, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Vubwi, munthu wosathamangira zinthu. Anatsegula fayilo ya Davide, nayamba kulemba, kenaka n'kungoti zii. Sylvia ankaganiza kuti ndi vuto la netiweki, poti kumeneko foni imatha kudzuka ili ku Zambia, n'kudya chamasana ili ku Malawi. Uthenga unabwera ndi mkulu wina wampingo: a Lawrence anagwa kudimba, ndipo anali ataikidwa kale m'manda. Anapita osatsegula loko.

Sylvia analira, chifukwa bamboyo ankamukonda. Atapukuta misozi anayamba kulimbana ndi kompyuta. Anayesa kusankha wounika wina, pulogalamu inakana, ati fayilo ili m'manja mwa munthu. Anauza Davide kuti atumizenso kachiwiri, ndipo pulogalamu inayerekeza fayilo yatsopano ndi yakale, n'kulengeza mopanda manyazi kuti Davide waba ntchito ya Davide. Aubrey, katswiri amene anaika pulogalamuyo, ndiye yekha anali ndi mphamvu yothyola loko, koma anachoka pamodzi ndi bungwe limene linam'bweretsa, ndipo imelo yake inkangobwerera. A ku yunivesite nawo anayankha mwaulemu kwambiri kuti apepesa za malirowo, koma akufuna nambala.

Panatsala njira imodzi, yolowa m'dzina la a Lawrence. Pulogalamu ikanatumiza manambala achinsinsi ku foni yawo, ndipo Sylvia akanamasula fayilo n'kuipereka kwa wounika wina amene anali atalonjeza kuwerenga tsiku lomwelo.

Lamulo linkati wolemba asadziwe womuunika, koma amene analemba lamulolo sanaganizire za maliro. Sylvia anamuimbira Davide n'kumuuza zonse.

"Asisi, manje tichite bwanji?" anafunsa Davide.

"Bwera ndi njinga yako yamoto. Tipite ku Vubwi tikapemphe foni."

Ananyamuka Lachinayi m'mawa, laputopu ili m'chikwama kumsana kwa Sylvia. Msewu unawapweteka m'chiuno, fumbi linawasandutsa ofiira, koma Davide ankaimba nyimbo zakwaya njira yonse. Ankaona ngati kalata ili kale m'thumba.

Anapeza amayi a Mwandida, mkazi wa malemu, atakhala pamphasa pakhonde, mpango wakuda kumutu. Alendowo anakhala pansi, napepesa monga mwa mwambo. Anacheza za matenda, za nyimbo zimene amvano anaimba, za khamu limene linabwera kumanda. Patapita nthawi Sylvia anakhosomola pang'ono n'kufotokoza chimene anadzera.

Amayiwo anamvetsera osadula mawu. Kenaka anati, "Mwana wanga, foniyo ilipo. Lowani muione pamene ili."

M'chipinda munali sutikesi yachitsulo yobiriwira, yokhoma ndi kaloko kakang'ono kogula pamsika. Mmenemo munali jekete la malemu, Baibulo lawo, magalasi, wotchi ndi kafoni kawo kamabatani. Atachoka kumanda, akubanja la mwamuna anasonkhanitsa zonsezi n'kukhoma. Katundu wa malemu sakhudzidwa kufikira abale atakumana kudzagawa. Kiyi anapita nayo a Ezekieli, mkulu wawo wa a Lawrence, amene amalima kutsidya kwa malire, ku Mozambique.

"Abwera liti?" anafunsa Sylvia.

"Akatha kutola thonje."

"Nanga kuwaimbira?"

"Kumene ali foni siigwira. Ndipo ngakhale ikanagwira, sangalole okha. Pafunika alongo awo onse akhalepo."

Sylvia anafotokozanso, mofatsa, kuti sakufuna kutenga foniyo. Akungofuna kuona manambala basi, aibwezere pomwepo. Poganiza kuti mwina amayiwo sakumvetsa, anatsegula laputopu pawindo, pamene netiweki inkagwira pang'ono, n'kudina popempha manambala aja. Panapita kamphindi. M'kati mwa sutikesi munamveka kulira kwa foni, tii-tii.

Manambala amene ankawafunawo anali atafika, ali pompo, pafupi ndi bondo la Davide.

"Ndamva zimene mukunena, sindine mwana," anatero amayi a Mwandida. "Koma ine pano ndinabwera chitengwa. Mudzi uno ndi wa kwawo kwa amuna anga, munda ndi wawo, ndi nyumba ino adzakambirana tsiku lomwelo ngati ndikhalemo. Alamu anga aakazi ayamba kale kunong'ona kuti ndinabisa zina. Akadzapeza loko wothyoka, ndidzati chiyani? Kuti kunabwera anthu a ku Katete ndi kompyuta?"

Davide anali ndi pulayala m'kachikwama ka zida za njinga, ndipo Sylvia ankadziwa. Kaloko kaja kanali koti mwana angakathyole ndi mwala. Anaona mnyamatayo akuyang'ana loko, n'kuyang'ana panja pamene panali njinga, n'kuyang'ananso amayiwo. Kubwalo, akazi awiri amene ankatongola chimanga anali atasiya ntchito, maso ali kukhomo.

Amayi a Mwandida anaweramitsa mutu. "Ngati ndi tsogolo la mwanayu, thyolani. Ine ndiona mmene ndichitire."

Mtima wa Sylvia unafuna kuti Davide adzuke akatenge pulayala. Unafunadi, ndipo anachita nazo manyazi. Davide anapukuta fumbi pa nsapato ndi chala.

"Ayi amayi," anatero. "Isiyeni."

"Davide, mawa ndi Lachisanu," Sylvia ananong'ona.

"Ndidziwa, asisi. Nanga ine ndipite kusukulu, amayiwa akagone kuti?"

Sylvia anatseka laputopu pang'onopang'ono. Munthu amene ankauza aliyense kuti masiku ano pepala silisowa, anali atakhala pansi m'nyumba ya eni, akuliona pepala pa galasi koma osatha kulifikira.

Alendowo akutsanzika, amayiwo anamugwira Sylvia mkono. "Ndipempheko kanthu kamodzi. Foni imeneyi imalira m'mawa uliwonse, nthawi imene abambo ankamwa tiyi. Ndimadzidzimuka, n'kuyamba kufuna kapu yawo. Kodi ndinu mumaimba?"

Sylvia anazindikira pomwepo. Inali pulogalamu ija. Wounika akachedwa, yokha inkatumiza uthenga tsiku ndi tsiku womukumbutsa kuti ndemanga zake zikudikiridwa. Mbali imeneyi ndi imene Sylvia ankaitama kwambiri, chifukwa inam'pulumutsa ku ntchito yokalipira madoda.

"Ndi makina a ku ofesi, amayi. Amawakumbutsa ntchito."

"Ndiye kawauzeni makinawo kuti munthuyo anamwalira."

Sylvia anatsegulanso laputopu pakhonde pomwepo. Anafufuza paliponse. Panali posonyeza kuti wounika wakana, koma anayenera kudinapo wounikayo yekha. Panali posonyeza kuti ali patchuthi, koma pankafunika tsiku lobwerera. Poti munthu wamwalira panalibe. Ndipo mauthengawo sakanaima fayilo ili yokhoma.

"Ndikayesa ndikafika," ananama, chifukwa zoona zake zinamukanika kutuluka pakamwa.

Pobwerera Davide sanaimbe nyimbo. Atafika pa Katete anam'tsitsa Sylvia pa ofesi, n'kufunsa ngati chaka chamawa yunivesite imatenganso anthu. Sylvia anati mwina. Davide anagwedeza mutu, nanena kuti athamangire ku Sinda dzuwa lisanalowe, poti nyali ya njinga inali yovuta.

Lachisanu Sylvia anaimbiranso a ku yunivesite, napepesedwanso mwaulemu womwe uja. Tsiku linatha. M'mawa uliwonse wotsatira ankafika mu ofesi, n'kupeza kompyuta italemba mokondwa kuti uthenga wokumbutsa a Lawrence wafika bwino. Ankakhala pampando n'kuona m'maganizo amayi aja akudzidzimuka pamphasa.

Tsiku lina m'mawa mawuwo anasintha: uthenga sunafike. Batire ya kafoni kaja inali itatha m'sutikesi. Sylvia anapuma mozama, n'kuthokoza Mulungu kuti lero amayi a Mwandida amwa tiyi popanda chowadzidzimutsa. Pa nkhani yonseyi chimenechi chokha ndi chimene chinakonzeka, ndipo sanachikonze iye.

Anatsitsa maso pa dzina la Davide Mwale. Pambali pake panali kaloko kachikasu, ndi mawu omwe aja osasintha: ikuunikidwa ndi a Lawrence Sakala, chonde dikirani.