Kaliridwe ka Galimoto ya Achimwene

"Alamu, injini iliyonse imandiopa ine. Ndikaiuza kuti seka, imaseka. Ndikati khosomola, imakhosomola n'kupepesanso."

Ndinkanena izi ndikutsegula boneti ya galimoto ya malemu achimwene, yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yopangidwa ine ndisanamere mano. Mkazi wawo anali atakhala pakhomo pa galaja, ndodo ili pamiyendo. Maso awo anali atazima kale ndi shuga, koma pakamwa panali pakuthwa.

"Sukulu inakukanani, ndiye mwati muziphunzitsa zitsulo?"

"Zitsulo sizilembetsa mayeso, alamu."

Anandiitana kuti ndidzangoiliza basi, poti chimwalirire achimwene inali isanalirepo. Ali moyo sankalola kuti ndiikhudze. Ankati manja anga ndi a mathirakitala.

Ndinasintha batire, ndinathira petulo watsopano, n'kupotokola kiyi. Inadzuka. Koma kaliridwe kake kanali kochititsa manyazi m'banja momwe muli makaniko. Ili chiimire, inkakwera ngati ikufuna kuuluka, kenako n'kutsika mpaka kutsala pang'ono kuzima, n'kudzidzimuka, n'kuyambiranso. Chiwongolero chinkanjenjemera ngati munthu wa malungo.

Alamu anapendeketsa mutu, khutu lili kugalimoto. Patapita nthawi anadzuka, nati akandiphikire tiyi. Mawu awo anatuluka osasa. Ndinkayesa ndi utsi.

Ndinayamba kusaka nthenda. Mapulagi anali abwinobwino, sefa ya mpweya yoyera. Ndiye ndinachita zanga zija: kutenga paipi, mbali ina kukhutu, inayo n'kumaiyendetsa kuzungulira kabyuleta, posakanikirana petulo ndi mpweya, ngati dokotala pachifuwa cha mwana. Kumbuyo kwenikweni ndinamva kamluzu. Kapaipi ka labala kanali katang'aluka, injini n'kumaba mpweya pamenepo. Ndinaseka ndekha. Achimwene, ndi matama onse aja, zaka zonsezi ankayenda ndi kabowo aka!

Nditazula kapaipiko, kanafumbutuka m'manja ngati bisiketi. Ndinaika katsopano, n'kukhudza pang'ono sikulu yosinthira kaliridwe. Injini inakhazikika, n'kumang'ung'uza mosalala ngati mphaka wokhuta.

Alamu anatulukira akupapasa khoma, kapu ili m'dzanja. Anaima.

"Kwabwera ndani?"

"Palibe. Ndi yomwe ija, ndaichiritsa. Mundiyamike msanga ndisanakalambe."

"Iyi si ya bambo a kunyumba kuno."

"Ndi yawo, alamu, kungoti lero yakumana ndi dokotala."

Anakhala pampando pang'onopang'ono, kapu n'kuiika pansi.

"Akafika pageti ankaisiya ikulira, kudikira kuti nditsegule. Inkapuma movutika ngati eni ake akamakwera masitepe. Chiyambire kusaona, ndinkawadziwira pamenepo. Mutailiza poyamba paja ndinati abwera. Ndinathawira kukhitchini kuti musandione nkhope."

Ndinayang'ana pansi pomwe panagwera tizidutswa ta labala wakale uja.

"Ibwezereni momwe inalili," anatero. "Si mwati imakumverani?"

Ndinatenga msomali n'kuboola kapaipi katsopano kaja. Injini inayamba kuphupha.

"Ndi iyi, alamu?"

"Ayi. Iyi ikuthamanga."

Ndinakulitsa bowo. Ndinabweza sikulu. Ndinamasula waya wa pulagi imodzi, ndinamatako tepi, ndinamatulanso. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuchotsa nthenda m'mainjini, koma tsiku limenelo ndinagwada pasimenti kupempha nthenda kuti ibwerere. Galimoto inakhosomola, inabuula, inalira mitundumitundu, koma onsewo anali mawu a alendo.

"Nanga iyi?"

Anamvetsera nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akuitsatira. Kenako anapukusa mutu.

"Izimitseni, alamu. Ikundisokosera."

Ndinapotokola kiyi. M'galaja munati zii. Anadzuka, dzanja lili pakhoma, ndipo pochoka ndodo yawo inagunda kapu ija, tiyi wozizira n'kuyenderera mpaka pansi pa tayala. Ine ndinali chigwadire, ndikutola tizidutswa ta labala wakale uja, n'kumayesa kutilumikiza.