Supuni ya Apongozi

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela moyo wawo wonse, ndipo popuma mabwana awo anawapatsa bokosi la masupuni ndi mafoloko okutidwa ndi siliva. Bokosilo linkakhala m'kabati yagalasi pabalaza, lotsegula kuti alendo aziona, masupuniwo atagona pansalu yofiira. Palibe ankadyera. Ngakhale abusa akabwera, tinkawapatsa masupuni athu omwe aja a kumsika, opindika khosi.

Sitiroko itawagwira, mkono wamanja ndi mwendo zinafa, kamwa inakhota, mawu n'kuwathawa. Apongozi aakazi anali atatisiya kale, choncho ntchito yowasambitsa ndi kuwadyetsa inagwera ine, mkazi wa mwana wawo. Sindinkadandaula, poti madala aja sanandiyankhulepo mawu oipa chilowere m'nyumba yawo. Vuto linali kudya. Phala ankalavula, tiyi ankangomuyang'ana mpaka azizire. Tsiku lina anandikodola ndi dzanja lamanzere n'kuloza kabati ija. Ndinatulutsa supuni yaing'ono imodzi, ndipo ndi supuni imeneyo anadya dzira lofewa lonse mpaka kupala chigoba. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse linali dzira ndi supuni ya siliva.

Amuna anga ali ndi mlongo wawo wamkulu amene ine mumtima ndimamutcha a Insipekitala. Akabwera kudzazonda bambo awo amayamba ndi kuyendetsa chala pawindo kufuna fumbi, kenako kuvundukula mapoto, moni amabwera pambuyo. Sanandifunepo m'banjamo. Ankauza anthu kuti ine ndinakwatiwa ndi nyumba ya madalawo, mchimwene wawo ndinangomupeza momwemo.

Loweruka lina anatuluka kukhitchini atagwira supuni ija ndi zala ziwiri.

"Alamu, supuni ya bambo yatani?"

Ndinaiyang'ana. Kodyera kuja kunali kutada, m'mbali mwake muli chikasu chothimbirira. Ndinali nditaonapo kale kuti ikusintha mtundu, koma ndinkangoti ndi kukalamba kwa chitsulo.

"Mwina sindinaitsuke bwino," ndinatero.

"Sopo alibe mlandu pamenepa. Malemu amayi ankanena kuti siliva sanama. Mukamuviika m'chakudya chothira mankhwala, amada." Anaseka pang'ono, maso osaseka. "Ndikungonena, alamu. Musanditengere kumtima."

Mawu amenewo nanenso ndinkawamva kuyambira ndili mwana, ndipo ndinkadziwa kumene amathera. Pamsewu wathu womwewu panali mayi wina wosoka zovala. Mwamuna wake atamwalira mwadzidzidzi, anthu anangonong'onezana mawu amodzi, akuti anamuthirira. Kukhoti sanapite naye. Achibale anamuponyera katundu panja masana dzuwa likuswa mtengo, ana n'kumulanda, ife tonse tikuonerera m'mawindo. Ndinkaopa mawu amodzi amenewo kuposa imfa, ndipo koposa ndinkaopa kuti angalowe m'khutu mwa amuna anga n'kukhazikikamo.

M'mawa mwake ndinatenga supuni ina m'bokosi muja, yoyera mbee. Nayonso sinachedwe kuda. Ndinasintha kogula mazira, ndinataya mchere wonse n'kugula wina, kapoto kophikira dzira ndinakatsuka mpaka zala kutuwa. Supuni inadabe. Ndinafika podzikayikira ndekha. Pamwamba pa kabati ya kukhitchini tinkasungapo kapaketi ka mankhwala a makoswe, ndiye ndinayamba kuganiza kuti mwina fumbi lake limagwera m'chakudya ine osaona. Ndinakatenga n'kukataya kudzala.

Madzulo ake amuna anga anakwera pampando n'kupapasa pamwamba pa kabatipo.

"Mayi, mankhwala a makoswe aja ali kuti? Akundidyera mapepala kuchipinda."

"Ndinataya."

"Munatayiranji? Anali asanathe."

Iwo anatsika pampando paja n'kundiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene nkhani ya makoswe imafunikira, kenako anapita kukasamba.

Tsoka sasimba, sabata yomweyo apongozi anadwala m'mimba, kutsegula ndi kusanza. Kuchipatala anati ndi kachilombo kamene kanali kakuyenda m'dera lonse, ana a oyandikana nafe nawonso anali chigonere. Koma alamu anaimba foni kuti akubwera Lamulungu ndi amalume awo, tidzakhale pansi. Mawu oti tidzakhale pansi ndinagona nawo, ndinadzuka nawo, chakudya osalowa.

Mantha alibe nzeru. Loweruka masana, amuna anga atachoka, ndinatenga supuni yoyamba ija, kawaya kokwechera mapoto ndi phulusa, n'kuyamba kuikwecha monga ndimakwechera poto wopserera. Kwathu chinthu chikada timakwecha, china n'chiyani? Kudako kunachokadi. Ndinasangalala, n'kuwonjezera mphamvu. Nditaitsukuluza ndinangoti kakasi. Pamene panali pakuda panali pofiirira tsopano, chitsulo china chapansi chitatulukira, mizere ya waya ili paliponse. Siliva uja anali kachikopa chabe, kopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo ine ndinali nditakasenda. Supuni yachiwiri sindinaikhudze. Zonse ziwiri ndinazikulunga m'nyuzipepala n'kuzibisa kuseri kwa thumba la mpunga, ngati kuti a Insipekitala sadziwa kumene kuli mpunga.

Lamulungu masana tinakhala pabalaza. Amalume anakhala pampando waukulu chipewa chili pabondo, apongozi pa njinga yawo ya odwala pafupi ndi windo, amuna anga pakona akuyang'ana nsapato zawo. Ine ndinakhala pakampando pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Alamu anayala nyuzipepala ija patebulo, supuni yakuda uku, yofiira uku.

"Amalume, onani nokha. Iyi yada ndi chakudya chimene bambo akudya. Iyi wina anafuna kufafaniza umboni. Mankhwala a makoswe asowa m'nyumba muno, ndanama achimwene?"

Amuna anga anapukusa mutu, kusonyeza kuti sananame. Ndiye kuti anali atawauza.

"Apongozi, tiuzeni mbali yanu," anatero amalume kwa ine, mofatsa ndithu.

Ndikanati chiyani, poti nanenso sindinkadziwa chimene chinkadetsa masupuniwo? Apo m'pamene madala anayamba kumenya njinga yawo ndi dzanja lamanzere. Nkhope inali itafiira, malovu akutsika kumbali yakufa ija, akulimbana ndi mawu.

"Dzi... dzi..."

Alamu anagwada pambali pawo msangamsanga.

"Akuti dzina. Akufuna kutchula dzina. Tchulani bambo, musaope, tonse tili pano."

"Dzi..."

Dzanja lija linanyamuka pang'onopang'ono n'kuloza kumene ndinakhala ine. M'maganizo ndinaona mayi wosoka uja ataima pamsewu pakati pa masutikesi ake. Amuna anga anadzutsa mutu. Sanayang'ane bambo awo, anayang'ana ine.

"Mwaona nokha," alamu ananong'ona.

Madala anamenyanso njinga, mwaukali tsopano, n'kukankha dzanja la mwana wawoyo. Chala chawo chinandidutsa paphewa, chikuloza kukhitchini kumbuyo kwanga. Anakoka mpweya ngati munthu wonyamula thumba lolemera.

"Dzi... ra. Dzira."

Amalume ndiwo anayamba kumva. Anatuma amuna anga kukagula dzira kugolosale, n'kuliphika okha amuna angawo, ine manja ali pamiyendo. Amalumewo anasankha supuni ina yoyera m'bokosi, n'kudya dziralo iwo eni, akuti ngati n'kufa afe iwo poti mano anatha kale. Supuniyo anaisiya m'chigoba momwemo tikudikira. Poitulutsa inali itayamba chikasu chothimbirira chija. Madala anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene ana ake amvetsa mochedwa. Munthu anapukuta masupuni a hotela zaka zonse zija, ankadziwa bwino chimene dzira limachita ndi siliva, kungoti pakamwa panali patatsekeka ndipo palibe anaganiza zowafunsa.

Anatilangiza ndi chala ndi timawu toduka. Ndinayala m'beseni pepala lonyezimira lija lokutira zakudya, n'kugonekapo masupuni, kuwaza soda ndi mchere, kenako kuthira madzi owira. Munatuluka kafungo ka dzira lovunda, ndipo tikuona ndi maso athu kudako kunachoka kokha popanda kukwecha. Madala anandikaniza nsalu ya mbale, n'kuloza malaya awo akale ofewa kuti ndipukutire. Masupuni anawala waliwali, kupatula ija ndinaikwecha. Imeneyo anaigwira nthawi yaitali akuisisita ndi chala chachikulu, ndipo ine misozi inangotsika yokha.

Amalume anaseka, akuti nkhani yatha, tiwaphikire tiyi. Alamu anatola chikwama chawo. Pakhomo anatembenukira kwa mchimwene wawo, mawu otsika koma oti ine ndimve.

"Za dzira ndamva. Koma munthu wopanda mlandu amakwecheranji, amabisiranji? Ine ndapita."

Amuna anga anatseka chitseko. Kwa ine anangoti, "Zatha mayi, tiziiwale," ndipo ndinayesetsa kukhulupirira kuti zathadi. Apongozi anachira m'mimba muja. Dzira ndinayamba kuwadyetsa ndi supuni wamba, ya siliva ikhale ya phala ndi tiyi, ndipo ndikangomaliza ndimaitsuka ndi madzi ofunda n'kuiumitsa nthawi yomweyo. Chimene ndinaona chachilendo n'chakuti amuna anga anayamba kukonda mphepo. Ndikawapatsa tiyi kapena mbale ya chakudya, amanyamula n'kukadyera pakhonde okha, akuti m'nyumba mukutentha.

Tsiku lina ndikuchapa, ndinapisa m'thumba lam'kati la jekete yawo kuti ndichotse mapepala. Ndinagwira chinthu cholimba chokulunga m'kampango. Inali supuni yaing'ono ya siliva. Ndinapita kukabati kukayang'ana m'bokosi, ndipo malo amodzi pansalu yofiira paja analidi opanda kanthu. Ndinakhala pansi pomwepo, manja ali ndi thovu, ndikumvetsa za mphepo ya pakhonde ija: ankapita kukayesa chakudya changa ndi supuniyo.

Ndikanatha kuwafunsa madzulo ake. Koma nditaiyang'anitsitsa supuniyo padzuwa, ndinaona kuti m'mbali mwake mwayamba kale kuthimbirira. Madala anali atandionetsa ndi mafoloko a m'bokosi, amene palibe anadyerapo, kuti siliva amada yekha ndi mphepo ndi thukuta, ngakhale asakhudze chakudya chilichonse. Tsiku lina amuna anga adzaiviika mu tiyi wanga pakhonde paja n'kuitulutsa yakuda, ndipo pamenepo sipadzakhala amalume kapena dzira loti lindiyankhulire.

Ndinatenga malaya ofewa aja n'kuipukuta pang'onopang'ono, osakanikiza, mpaka inawala. Ndinaikulunga mmene inalili n'kuibwezera m'thumba momwemo. Tsopano ndimatero nthawi iliyonse ndikachapa, iwo osadziwa, ndipo ndimapukuta mosamala chifukwa ndikudziwa kupyapyala kwa siliva ameneyu. Kupukuta kulikonse kumachotsako pang'ono.