Akita Safa

Maloto a lero andisiya mutu uli wolemera, mpaka pano sindinalawe kanthu.

Ndinalota ndili m'kanyumba ka malata kaja, komwe malemu achimwene ankaonetsa mafilimu pamsika. Mabenchi anali onyowa, m'katimo mukununkha fodya ndi chimanga chootcha. Pa kanema panali mzungu amene achimwene ankamukonda kwambiri uja, wa chipewa chachikulu, atakwera hatchi. Fumbi la hatchiyo linkatuluka mu kanema n'kumandilowa m'maso.

Kenaka anamuwombera. Anagwa pang'onopang'ono, koma shati imene inanyowa magazi inali ya achimwene, ya mizeremizere ija tinawaveka powaika m'manda. Mzunguyo anatembenuka n'kundiyang'ana, n'kuyankhula Chichewa, mawu ake a achimwene enieni: "Iwe Esinati, ukulira chiyani? Akita safa."

Ndi mmene ankatiuzira tili ana tikatseka maso ndi mantha, kuti mwini filimu, akita, angamenyedwe bwanji, amadzuka basi. Ngakhale kuchipatala, atawonda mpaka wotchi kumavuka yokha pamkono, anandiuzanso zomwezo akuseka.

Ndiye ndinakhala pabenchi paja kudikira kuti adzuke. Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Mayina a azungu anayamba kukwera pa kanema, ine n'kumawerenga lililonse, kufunafuna la achimwene. Panalibe.

Ndadzuka pilo atanyowa. Kaya amabwera kudzanditonthoza, kaya kudzapepesa bodza lawo lija, sindikudziwa. Kapenanso sanandinamize. Mwina mufilimu yathuyi akita ndine wotsalane, ndipo palibe amene anandifunsa ngati ndikufuna.