Mpunga wa Apongozi pa Sikelo ya Ndege

Violet anali nesi ku Chilumba, ndipo jekeseni wake ankamuopa ngakhale asilikali. Koma panali munthu mmodzi amene ankamuthawitsa iyeyo: apongozi ake aamuna, a Yotamu Mwakyanjala a ku Lupembe. Nkhanza analibe, bambowo. Ndi mwambo wa Ankhonde basi: mkazi wa mwana wako sakuyang'ana, sakuyankhula, dzina lako salitchula. Mukakumana panjira, iye amalowa m'chinangwa n'kudzifunda chitenje mpaka mudutse. Violet anakwatiwa, anabereka Towera, koma apongozi akewo ankangowadziwira kutsokomola ndi belu la njinga.

Ndiye kunapezeka ntchito ku Botswana. Mwamuna wake Gordon, mphunzitsi, anatsogola, ndipo chipatala cha kumeneko chinaitananso Violet. Masiku amenewo a chipani chimodzi pasipoti sinkatoledwa pansi, choncho itatuluka sanachedwe. Anaitana kalipentala kudzakhomera katundu m'mabokosi a matabwa. Lina zovala, lina mapoto ndi mbale. Lina makina osokera a malemu mayi ake, akuda aja opukusa ndi dzanja, atawakulunga m'bulangete ngati khanda.

Bokosi lomaliza silinali lake. Linabwera pangolo kuchokera kumunda wa a Yotamu ku Wovwe, lodzaza mpunga wonunkhira, uthenga wake utadzera mwa apongozi aakazi: "Abambo akuti mwana wawo akuwonda ndi mapira a eni ake."

Pabwalo la ndege la ku Karonga panali kandege kaja kokasiya anthu ku Lilongwe, kumene kunali ndege yaikulu. Kalaliki woyeza katundu anali Reginald, wa ku Thyolo, wongobwera kumene, thukuta lili kamukamu chifukwa kutentha kwa kuno anali asanakuzolowere. Anakweza mabokosi pasikelo. Anakwezanso Violet yemwe, Towera ali kumbuyo. Kenako anapukusa mutu.

"Mayi, kandege aka si lole. Pa mabokosi awiri olemerawa, limodzi litsale."

"Likatsala lidzabwera liti?"

"Likadzapeza malo."

Violet anali munthu wamkulu, ankadziwa kuti katundu wodikira malo amamera miyendo. Awiri olemerawo anali makina ndi mpunga. Anasuzumira pakhomo, kunalibe aliyense wa ku Lupembe.

"Ndiye tsitsani la mpu..."

Ngili ngili! Belu la njinga. Kenako kutsokomola kuja.

Nesi wathu, woopedwa ndi asilikali, anadumpha ngati waponda mbaula. Anakagwada kuseri kwa mabokosi, chitenje kumutu, Towera akuseka kumbuyo poyesa ndi masewera.

Reginald anathamangira pazenera. "Mayi, kadi ya chipani mulibe? Si ayufi ofunsa makadi amenewo, ndi madala chabe!"

A Yotamu analowa atavala jekete yakutchalitchi ndi chipewa. Ataona chidendene chikutulukira kuseri kwa bokosi, anatembenuka mwaulemu n'kuyang'ana khoma.

"Mwana wanga," anatero kwa kalalikiyo m'Chichewa chawo chopindira ku Chinkhonde, "ine ndege sindinakwerepo. Ndabwera kudzaona mpunga wanga ukukwera."

"Eni katundu ali apawa, bambo. Yankhulani nawo."

"Ine sindikuona munthu. Ndikuona mabokosi."

Reginald anayang'ana madalawo, anayang'ana chidendene, anayang'ana kudenga. Koma ntchito ndi ntchito. Anafotokozera khoma lomwelo kuti sikelo yakana, limodzi litsala.

Kuseri kuja Violet anaona kuti zavuta. Mphatso ya apongozi siikanidwa. Utaisiya pabwalo eni ake akuona, nkhani yake ikafika ku Botswana iwe usanafike. Anakoka mwendo wa buluku la Reginald.

"Achimwene," ananong'ona, "auzeni kuti mpunga upita."

"Nanga linalo?"

"Litsale." Dzanja lake linasisita matabwa a bokosi la makina.

A Yotamu makutu anali nawo abwinobwino, koma anafunsabe khoma. "Bokosi likuti chiyani?"

"Likuti mpunga upite, makina atsale."

"Makina ati?"

Reginald anawerama. Violet ananong'ona. Reginald anadzuka. "Likuti osokera, a malemu mayi ake."

"Mabokosi a masiku ano ali ndi amayi," anatero madalawo, koma sanaseke. Anakanda chibwano. Mayi amenewo ankawadziwa. Tsiku lokapereka ng'ombe za ukwati, jekete yomweyi inang'ambika pamsana podumpha mpanda, ndipo mayiwo ndiwo anaisoka mwakachetechete kukhitchini anthu asanaone.

Kunja woyendetsa ndege anali atayamba kale kuzungulira kandege kake, akumenya matayala ndi nsapato.

"Iwe mnyamata," a Yotamu anakalipa mwadzidzidzi, "unaphunzira sukulu iwe?"

"Ndinaphunzira, bambo."

"Nanga bwanji sunandilangize? Gordon ameneyo akadya mpunga wa kwawo ali ku Botswana, akakhuta, adzabwereranji kuno? Mpaka ndife asanandione? Tsitsa mpungawo. Akadye mapira, akumbuke kuti ali ndi atate ake."

Violet anafuna kulumpha ndi chimwemwe, koma ulemu umafuna kukanako kaye. Anakokanso buluku lija, moti Reginald anagwira lamba.

"Auzeni kuti ayi, avutika nawo kulima, sungatsale."

"Bokosi likuti ayi, bambo."

"Liuze bokosilo lisatsutsane ndi akulu."

Pamenepo Violet anaomba m'manja pansi pa chitenje, mofatsa, misozi ikutsika. Towera naye anaomba, osadziwa kuti akuombera chiyani.

Madalawo sanathere pomwepo. Anapempha hamala, n'kuyenda cham'mbali ngati nkhanu mpaka pabokosi lawo, maso ali kukhoma. Anazula thabwa limodzi, fungo la mpunga n'kudzaza ofesi yonse, mpaka Reginald anameza malovu. Anavula chipewa, anachidzaza mpunga.

"Uwu ndi wa phala la Towera. Gordon asalawe. Kapena sikelo yako ikananso chipewa?"

"Chipewa amanyamula m'manja, bambo."

"Ndiye chikwere. Wotsalawo undisungire, ndipo ndidzauyang'ana. Ndakuona mmene ukumezera malovu."

Tsopano vuto linatsala limodzi. Kuchokera pakhomo kukafika pandege panalibe chinangwa, panalibe mtengo, bwalo lokhalokha. A Yotamu anatuluka, anakaima kuseri kwa ofesi, mphuno pafupi ndi njerwa, n'kutsokomola kusonyeza kuti njira yayera. Violet anathamanga atawerama, mwana kumbuyo, chipewa cha mpunga pachifuwa. Anaona ndi maso ake bokosi la makina likulowa m'mimba mwa ndege, n'kupuma.

Kandegeko kanabangula, kanathamanga, kananyamuka. Violet anatseka maso mpaka kandegeko katakhazikika. Atatsegula, anali kale pamwamba pa migwalangwa. Anadzifunsa ngati mwambo umafikanso m'mitambo, ndipo asanadziyankhe, diso linali litaba kale pazenera.

Pansi paja panali munthu wa jekete, akukupiza manja onse awiri kumwamba. Nkhope sinkaoneka. Chimene chinkaoneka chinali mutu: dazi lenileni, losalala, likung'anima padzuwa ngati mbale yatsopano.

Violet anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mzungu amene anakhala pambali pake anamupatsa kapepala kosanzira, poyesa wadwala. Iye anangokaniza ndi dzanja. Ankaganiza za Gordon, amene m'mawa uliwonse ankataya nthawi pagalasi akupesa tsitsi lake lonyaditsa lija, osadziwa kumene likupita.