Mkonono pa Maliro a ku Chimbonila

Brígida anapeza mwamuna wake atatsamira tayala la lole, kukamwa kuli yasa, dzuwa litakwera kale. Anachita kumugwedeza kuti adzuke.

Germano anali ndi matenda obanika kutulo. Akagona kukhosi kunkatsekeka, mkonono n'kuduka, mpweya n'kuima, kenako n'kudzambatuka ngati womira m'madzi. Masana ankangowodzera, mpaka tsiku lina anagwetsera lole mu ngalande pa msewu wa ku Cuamba. Dokotala wa ku Nampula anamuuza mosabisa kuti mtima udzatopa, n'kumulembera makina opopera mpweya m'mphuno oti azigona nawo. Makinawo anathandiza ndithu, koma amafuna magetsi, ndipo kumudzi kuno ku Chimbonila, kumene anadzalira malume ake, magetsi kunalibe.

Brígida anali atamuchonderera kuti azikagona kwawo ku Namacula, m'mawa n'kulawirira. Kodi n'kutali? Koma achibale ankanong'ona kale kuti Germano masiku ano sagona pa maliro, wasanduka mzungu, tsiku lake adzaikidwa ndi makina akewo. Mawuwo anamulasa. Anagona pa siwa ndi amuna anzake mpaka tsiku loika, iwo n'kumamuseka kuti akuliza chigayo. Brígida yekha sankaseka. Kulondera mpweya wa munthu wamkulu kunali kutamutopetsa mpaka m'mafupa.

Tsopano bokosi linali m'lole, amayi a kwaya atakwera kale, ena ana kumsana. Manda anali kutsidya kwa mtsinje, njira yake yotsetsereka zoopsa. A Kalekeni, mkulu wake wa Germano, anabwera kudzanena kuti nthawi yatha, Germano ndiye ayendetse lole kunyamula malemu monga anapangana.

"Alamu, munthuyu ndamupeza akugona chikhalire," anatero Brígida. "Sayendetsa."

A Kalekeni anayankha kuti tulo aliyense ali nato, ndipo za maliro a kwawo salamula ndi mkazi wa m'tauni. Anthu anayamba kucheuka.

Germano anaimirira, maso ali psu, n'kuyang'ana amayi aja ndi ana awo.

"Achimwene, ndagona pano kuti musandinene," anatero. "Koma awa sindiwapha kuti mundiyamikire."

Makiyi anapatsa Sérgio, motorista wa chapa, woyendetsa minibasi amene anabwera kudzapepesa, Germano ndi Brígida n'kukwera kumbuyo. A Kalekeni anakhala pambali pa Germano, nkhope ili ndwii.

Asanafike n'kumtsinje komwe, Germano anali atagona, mutu utatsamira bokosi. Mkonono unapikisana ndi nyimbo, kenako unaduka. Chifuwa chinkakoka, mpweya osalowa, milomo n'kuyamba kuda. A Kalekeni anadikira, n'kudikira, mpaka anamugwira mng'ono wawoyo m'mapewa n'kumugwedeza mwamantha. Germano anadzambatuka, n'kugonanso.

"Mlamu, amachita chonchi nthawi zonse?" anafunsa a Kalekeni.

"Nthawi zonse," anatero Brígida.

A Kalekeni sanaimbenso. Dzanja lawo linakhala pachifuwa cha Germano mpaka kumanda.